Mwala wa mu Impso ndi Khonde la Apongozi

Ana inu, senderani pafupi. Mawu anga sapita patali masiku ano, ndipo kunena zoona sanapiteko patali chibadwire. Iwe Tadala, dzulo ndinaona botolo lako la madzi. Unachoka nalo m'mawa lili lodzaza, madzulo wabwera nalo lili lodzaza, ngati unangopita kukaliyendetsa mtauni kuti likaone nyumba zosanja. Nditakufunsa unati kusitolo kumene ukugwira ntchito kiyi wa kuchimbudzi amakhala m'thumba mwa abwana, ndiye kupempha pafupipafupi kumakuchititsa manyazi. Yamikani anaseka, koma iyenso ndi yemweyo: tsiku lonse ali lende pa chitseko cha minibasi, Limbe Chigumula, Chigumula Limbe, pakhosi pakungodutsa zotsekemera za m'mabotolo ndi tchipisi cha pachiwaya chothira mchere ngati akufuna kuchisunga mpaka chaka chamawa.

Sindikukudzudzulani. Manyazi amenewo mwatengera ine. Ine anandiberekera mwala mu impso, ndipo kunatsala pang'ono kuti madokotala anding'ambe pamimba. Mankhwala ake anandiuza ndi adokotala, koma amene anachititsa kuti ndithe kuwamwa ndi apongozi anga, mayi awo a agogo anu. Inu simunawaone. Dzina lawo linali a Luwiza, ndipo mpaka lero lilime langa limalemera politchula.

Kwathu ku Nsanje munthu saphunzitsidwa kumwa madzi, dzuwa ndilo limamuphunzitsa. Inu mumati kwatentha mukangovula juzi. Kwathu mvula ikamayandikira mchenga umaotcha mpaka nkhuku zimaima ndi mwendo umodzi, winawo ukupuma. Pakhomo lililonse, pansi pa mtengo wa nimu, pankakhala mtsuko waukulu wokwiriridwa theka mumchenga wonyowa, chikho chili pamwamba. Wodutsa aliyense ankangoti odi, n'kutunga. Madzi a mumtsuko ali ndi kafungo ka dothi, ndipo kuzizira kwake kumatsikira pamtima, osati a mufiriji anuwa amene amangoluma mano. Kumunda tinkanyamula thobwa la mapira m'chipanda. Chaka cha njala tinkalowa m'madambo kukazula nyika, mizu yodyedwa ya m'madzi ija, madzi ali m'chiuno, ndiye ludzu likanatipeza pati?

Sukulu ndinaphunzira ya kumudzi komweko, yofolera ndi udzu, mpaka pamene ndinatha kuwerenga Baibulo osaloza ndi chala. Aphunzitsi ankandikonda chifukwa sindinkasokosa. Bambo anga anandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene chinandilowa mpaka m'mafupa: mwana waulemu sachititsa munthu wamkulu kudzuka pamene wakhala. Ngati njira yako yadutsa pa wamkulu, zungulira. Ngati palibe pozungulira, dikira.

Kuno ndinabwera pa sitima, ndili mnyamata wa ndevu zongoyamba. Sitima ya nthawi imeneyo inali ya mabenchi a matabwa, anthu, nkhuku, madengu a nsomba, zonse pamodzi. Tinkanyamuka kukutentha, ndiye ikayamba kukwera mapiri inkafooka mpaka anyamata ankanena kuti ungathe kutsika, kugula nthochi, kutsutsana mtengo, n'kuipezanso. Ine sindinayese. Ndinakhala pa kasutikesi kanga ulendo wonse, kuopa kupempha munthu kuti andisungire malo. Ndinatsika ku Limbe mwezi wa Juni, chiperoni chili mbuu, ine ndili ndi malaya amodzi a manja aafupi.

Apa ndi pamene ife a kuchigwa timasochera tikakwera kumtunda. Ludzu limasowa. Thupi limene linazolowera kuuzidwa ndi dzuwa, dzuwa likafatsa limangokhala chete, ndiye munthu umaganiza kuti madzi suwafunanso. Tiyi wa m'mawa ndi sikono, basi, tsiku latha. Tinkatamana tokhatokha kuti kuno ndi kwabwino, munthu sakhalira kumwa ngati ng'ombe.

Ntchito ndinaipeza kuseri kwa masitolo a ku Limbe, pamalo ochapira ndi kusita zovala. Inu mukudziwa simbi yongolumikiza kukhoma. Yathu inali ya makala, yolemera ngati mwana wakhanda, yokhala ndi katambala kachitsulo pamphuno kotsekera chivundikiro. Uikemo makala, uikupize mpaka ayake, uipukute pansi pa nsanza kuti phulusa lisadetse kolala ya mwini wake. Tinkasita malaya a makalaliki, mayunifolomu, nsalu za patebulo za m'mahotela, zonse zouma gwa ndi sitachi. Chipinda chinali cha malata, mbaula zili ngwee, ndipo ngakhale kunja kuzizire chotani ife thukuta linkatsika mpaka m'nsapato. Madzi ndinkawaika m'kamwa kambirimbiri pa tsiku, koma osameza. Anali opemerera pa malaya kuti makwinya amvere. Abwana sanaletsepo munthu kutuluka, anzanga ankangoti ndikubwera, n'kupita. Ine ndinkaona ngati kusiya simbi ikuyaka n'kupanda ulemu.

Agogo anu a Esinati ndinawapeza kutchalitchi, m'kwaya. Nawonso ndi a kuchigwa. Musawafunse kuti anayamba kuyankhula ndani, adzakuuzani zoona ndipo ine ndidzachita manyazi. Titakwatirana tinachita lendi ku Chilobwe, m'nyumba za mdadada, zipinda ziwiri chakumapeto. Kuntchito ndinkayenda wapansi kudzera ku Chimwankhunda ndi Kanjedza, nsapato m'manja nthawi ya matope. Luka, bambo ako iwe Yamikani, anabadwira mmenemo. Akuyamba kukwawa, kumudzi madzi anasefukira, anatenga nyumba ndi munda wa apongozi. Iwo anali amasiye, ana aamuna analibe. Tinawaitana. Alandilodi anawapatsa kachipinda koyamba pa mdadada womwewo, kamene kanali ndi khonde loyang'ana kumsewu.

Tsopano mvetsetsani, chifukwa inu masiku ano mumajambulitsa ndi apongozi mutawakoleka dzanja paphewa. Kwathu mkamwini ndi mayi a mkazi wake, amene timati amebzwala, sankaonana maso. Simudyera pamodzi, simupatsana kanthu pamanja, simutchulana maina. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Mawu amadzera mwa mkazi wako ngakhale nonse muli pabwalo limodzi. Sichinali chidani, unali ulemu waukulu kuposa wina uliwonse. Manyazi amenewa ankatha, koma osati mwa kufuna kwanu. Pankafunika ana abadwe angapo, akuluakulu a mbali zonse akhale pansi, nkhuku iphedwe, mudye pamaso pawo. Ife tinali ndi mwana mmodzi, ndipo akuluakulu anali kutali.

A Luwiza anali mayi wamfupi, wakuda bii, wa bondo lodwala nyamakazi, kabotolo ka fodya wamphuno kali pa mfundo ya chitenje. Anafika ndi mtolo umodzi, koma sanakhale sabata akudya za mkamwini. Anagwirizana ndi amayi ena obwera pa sitima kuti aziwabweretsera bakayawo, nsomba youmika ndi mchere, nayala thumba pakhonde lawo n'kuyamba malonda. Pasanathe nthawi Chilobwe yense ankawadziwa. Ankatha kuseka ndi wogula mpaka munthu agule nsomba imene sanaifune. Wina akati yadula, iwo ankamuuza kuti apite yekha ku Shire akakambirane ndi ng'ona. Mwana wa aneba akadwala, oyamba kufika ndi iwo, akutsimphina. Munthu amene madzi anamulanda zonse, koma sindinamvepo akudandaula. Ine ndinkawamvera ndili m'nyumba, chitseko chili chotseka, ndikuseka ndekha.

Ndipo ankandikonda. Nsomba yabwino koposa m'dengu sinkagulitsidwa, ankaipatula n'kuuza a Esinati kuti iyi ndi ya bambo a Luka. Bakayawo wake anali wa mchere woti ukaluma milomo imasweka, ndipo iwo pophika ankathiranso wina, ati mwamuna wogwira ntchito ya moto amafuna mchere. Ndiwo yochokera kwa apongozi siibwerera m'mbale. Ndinkadya yonse, tsiku ndi tsiku, mpaka kupukuta msuzi.

Vuto linali njira. Chimbudzi cha mdadada wonse chinali chimodzi, kuseri, ndipo kanjira kopita kumeneko kankadutsa pakati pa khonde la apongozi ndi mpanda wa aneba. Pozungulira panalibe. Ine ndikangotulukira ndi kachitini ka madzi, iwo ankayenera kudzuka, kusiya ogula, kugwira khoma chifukwa cha bondo lija, kulowa m'nyumba, kudikira ndidutse. Ndikamabwerera, chimodzimodzi. Amayi ogula nsomba ankabisa pakamwa m'zitenje, ndipo wina tsiku lina ananena mokweza kuti malonda aima kaye, akamwini ali paulendo. Apongozi sanakwiyepo. Koma ine kumva phokoso la bondo lawo podzuka, chifukwa cha chikhodzodzo changa, zinkandipweteka kuposa kuseka kwa amayiwo.

Ndiye ndinapeza nzeru imene ndinkaiona ngati yabwino kwambiri. Munthu wosamwa sapita kuseri. Kuntchito ndinali kale wosamwa, tsopano ndinasiyanso kumwa madzulo, ndipo Lamulungu, pamene ndinkakhala pakhomo tsiku lonse, ndinkangonyowetsa milomo. Ndinkapita kuseri m'mamawa iwo asanayale thumba, basi. Mkodzo unayamba kutuluka wochepa, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, wonunkha. Ine ndinkati thupi lazolowera tauni. Ndinakhala choncho dzinja, masika, mpaka chilimwe.

Mwala unandigwira mwezi wa Okutobala, masana, ndili pakati posita thalauzi la munthu. Ululu unayambira kumsana, mmunsi mwa nthiti, mbali ya kumanja, ngati wina walowetsa chitsulo chamoto n'kumachipotokola. Unatsika mpaka m'chinena. Kukhala sikunatheke, kugona sikunatheke, ndinkangogubuduka pa mulu wa nsalu za eni ake ndikusanza. Anzanga amati chimene ndinanena choyamba n'chakuti wina achotse simbi pa thalauzi. Abwana anandinyamula pa galimoto yawo mpaka kuchipatala chachikulu. Kumeneko nditayesa kutaya madzi munatuluka magazi.

Anandibaya jekeseni, anandiika diripi, anandijambula. Patapita masiku kamwalako kanatuluka kokha, ndi ululu umene sindingaufunire ngakhale mfiti. Anesi anandionetsa pa kansalu. Kanali kochepa ngati njere ya mapira, kokhakhala. Ndinachita manyazi kuti kanthu kotero kangaliritse bambo wa mwana.

Adokotala anali bambo wodekha, ndipo atamva kuti ndine wa kuchigwa anayamba ndi kundifunsa za nsomba. Kenako anandifotokozera mwa njira imene ndinamva. Anati impso zimasefa magazi n'kutaya zotsalira mumkodzo. Madzi akakhala ambiri zotsalirazo zimasungunuka n'kutuluka, koma akachepa zimaundana, monga mchere umatsalira pansi pa poto madzi akaphwera, ndipo pang'onopang'ono pamabadwa mwala. Mchere wambiri m'zakudya umawonjezera zoundanazo, ndipo thukuta la ntchito yanga linkaba madzi amene akanapita ku impso. Anandionetsa pa chithunzi kadontho kena koyera. Anati kamwala kena katsala mu impso yomweyo. Kakadali kakang'ono, kakhoza kutuluka kokha, koma ndikapitiriza moyo umenewu kadzakula, kadzatseka njira, ndipo pamenepo ndi opaleshoni, mwinanso impsoyo kuonongeka.

A Esinati anafunsa za mapiritsi. Iwo anati mankhwala aakulu ali pampopi. Ndizimwa madzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osadikira ludzu, makamaka pa ntchito ya moto. Mchere uchepe, nyama ndi nsomba zikhale za muyezo, ndipo ngati mandimu alipo ndizifinyira m'madzi. Ndinafunsa kuti ndidzadziwa bwanji kuti ndamwa okwanira. Anati ndiziyang'ana mkodzo: ukakhala woyera, wachikasu pang'ono chabe, zili bwino; ukafiira, ndabwerera kumwala. Ndipo anaonjeza akumwetulira kuti munthu womwa bwino amapita kuseri pafupipafupi, ndisadabwe. Ine ndinangoti zikomo kwambiri, mtima uli pa khonde lija.

Anandipatsa masiku opumula pakhomo, ndipo amenewo ndiwo anali ovuta. A Esinati anagula mtsuko, nauika pafupi ndi mphasa yanga. Ankandipatsa kapu yodzaza, ine n'kulawa, iwo akatembenuka n'kuthira pa tsabola amene anabzala m'chitini pawindo. Tsabolayo anasangalala kwambiri masiku amenewo. Koma agogo anu simungawanamize nthawi yaitali. Anaona kuti mtsuko ukutsika koma mwamuna satuluka, ndipo tsiku lina anagwira dothi la m'chitini, n'kundiyang'ana. Ndinawauza zonse, maso ali pansi.

Sanakalipe. Anangoti ngati zili choncho mayi abwerere kumudzi, chifukwa sangalole kuti ine ndikang'ambidwe chifukwa cha kanjira. Ndinakana. Kumudzi akakhala pati? Pamene panali nyumba yawo panali mchenga. Kuno anali atadzipezera moyo ndi manja awo, anthu akuwadziwa, akudya thukuta lawo. Ndinati kuli bwino mwala ukule kusiyana ndi kuti anthu akanene kuti mkamwini anathamangitsa mayi wamasiye kuti azikodza momasuka. Tinafunsa alandilodi ngati tingasinthane zipinda kapena kuboola mpanda. Anati zipinda zonse zili ndi anthu, ndipo mpanda si wawo. Nkhani inaima pamenepo, msana wanga ukuyambanso kunyerenyetsa mbali yomwe ija.

Zipupa za mdadada sizisunga chinsinsi. Sindikudziwa ngati a Luwiza anamva okha kapena a Esinati anawauza, ndipo onse awiri anakana kundiuza mpaka kalekale. Chimene ndinaona n'chakuti Loweruka sanayale thumba. Chitseko chawo chinakhala chotseka tsiku lonse, ogula akugogoda n'kubwerera. A Esinati anati mayi akumanga mtolo. Ine tsiku limenelo njira inali yotseguka, koma sindinamwe ngakhale kapu imodzi.

Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinakhala pa mpando pakhomo pathu, Luka ali pamiyendo. Anthu a mdadada anali panja, ena akuchapa, ena akuluka tsitsi. Ndinamva chitseko cha apongozi chikutseguka, ndipo monga mwa masiku onse ndinatsitsa mwana n'kudzuka kuti ndilowe m'nyumba. Koma ndinamva kutsimphina kukubwera kumene kunali ine. Anaima pakati pa ine ndi chitseko changa. Anali atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, m'manja muli kapu yachitsulo yoyera, yogumuka m'mphepete, yodzaza madzi. Ochapa ndi oluka tsitsi anasiya ntchito zawo. Ine maso anali pa mapazi awo.

"Bambo a Luka, tandiyang'anani."

Aka kanali koyamba kumva mawu awo akulunjika kwa ine. Sindinakweze mutu.

"Ndati mundiyang'ane. Ndine wamfupi, simuvutika."

Ndinakweza maso. Nkhope imene ndinkaidziwa ndi makutu okha inali patsogolo panga, ndipo maso awo ankafuna kuthawa monga anga. Pamenepo ndinadziwa kuti nawonso zinkawalemera.

"Dzulo ndinamanga mtolo," anatero. "Ndaumasula. Kumudzi ndilibe nyumba yobwererako, ndipo mwana wanga sindimufunira umasiye, ndaulawa ine wakwana. Akuluakulu ali kutali, nkhuku ndilibe. Ndili ndi madzi awa. Landirani m'manja mwangamu."

Ndinayang'ana a Esinati kuti alandire ndiwo andipatse, monga mwa mwambo. Iwo anapinda manja kumbuyo.

"Sindinabereke mwana wamwamuna," anatero a Luwiza. "Kuyambira lero ndinu ameneyo. Mwana sathawa amake, ndipo amake sadzuka mwana akamadutsa. Bondo langanso latopa. Imwani."

Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, zala zathu zinakhudzana. Munali kafungo ka ndimu. Ndinamwa onse iwo ataima pomwepo, ndipo nditamaliza ndinathokoza m'chinenero cha kwathu, ndinati takhuta, mai. Anatenga kapu, anapita pa mtsuko wathu, anatunganso. Ndinamwa. Anatunganso kachitatu, ndipo mayi wina wa pa mdadada anati mumupha mwana mwangomubereka kumene. Anthu anaseka, iwonso anaseka, n'kubwerera kukhonde kwawo kukayala thumba, ngakhale linali Lamulungu.

Musaganize kuti zinali zaulere kwa iwo. Mbiri inatsika ndi sitima mpaka kumudzi, ndipo achimwene awo anatumiza mawu owawa, ati tauni yawadyetsa manyazi, achita zinthu popanda eni mbumba. Pa maliro ena kumudzi amayi anzawo anawasala, osakhala nawo pa mphasa imodzi. Kwa munthu wa msinkhu wawo zimenezo si zazing'ono. Iwo anangoyankha kuti mwambo unapangidwa kuti usunge mkamwini, ndiye ngati wayamba kumudwalitsa, wina ayenera kuuuza. Patapita zaka akuluakulu anadzapha nkhuku yawo ija, tinadya pamaso pawo, a Luwiza akunditsinzinira diso.

Ndipo anasintha kaphikidwe, chinthu chimene mayi wa kuchigwa sasintha msanga. Bakayawo wanga ankamuviika m'madzi kuyambira m'mawa, kutaya madziwo, kuviikanso, ndipo pophika osathiranso mchere. Sankabweranso tsiku lililonse. Masiku ena kunali nyemba, nandolo, nkhwani wotendera, therere. Poyamba ndinkaona ngati ndikudya ndiwo za odwala, koma lilime limaphunzira. Anabzala mtengo wa mandimu kuseri kwa mdadada, alandilodi asanavomere n'komwe. M'mawa uliwonse ndikamapita ku Limbe ankandipatsa chigubu cha madzi, madzulo ankachigwedeza kuti amve ngati mwatsala kanthu. Kuntchito ndinaphunzira kuika simbi pa chitsulo chake, n'kunena kuti ndikubwera. Palibe amene anatembenuka n'komwe. Ogula nsomba nawonso sanapulumuke. Aliyense ankauzidwa kuti akaviike kaye, ndipo akamwe madzi, ati funsani mwana wangayu anabereka mwala.

Kamwala kachiwiri kaja kanatuluka kokha mvula itayamba, ndi ululu wochepa, ndipo nditapitanso kukajambulitsa adokotala anati impso ili mbee. Mpeni sunandikhudze. Kuchokera pamenepo mpaka imvi zino mwala sunabwerenso. Mukandiona ndikuyenda ndi chigubu kumunda kuno ku Chigumula, ngakhale mwezi wa Juni, musamati agogo akalamba. Ndipo wina wa inu akadzamva ululu wa kumsana wotsikira m'chinena, kapena kuona magazi mumkodzo, asadzayambe ndi mizu kapena kudikira kuti kuche bwino, adzapite kuchipatala. Iwe Tadala, abwana ako ndi munthu, nawonso amapita kumene kiyiyo amatsegula. Pempha. Akatopa adzakupatsa kuti uzisunga wekha. Iwe Yamikani, pa siteji iliyonse pali pogula madzi, ndipo zotsekemerazo sizilowa m'malo mwake.

Koma sindinakuuzeni mmene Lamulungu lija linathera. Makapu aja sanachedwe kugwira ntchito. Ndinakhala pa mpando ndikusinthasintha miyendo, ndikuyang'ana kanjira kaja. Dzuwa linali likadali pamwamba, pakhonde pali ogula, amayi omwe aja oseka. A Esinati anandibweretsera kachitini ka madzi n'kutenga Luka. Ndinaimirira. Kuchokera pakhomo pathu kufika pakhonde lawo sipanali patali, koma ulendo wa pa sitima unali waufupi poyerekeza. Amayi aja anasiya kusankha nsomba, akudikira kuti aone ngati malonda aima.

A Luwiza sanadzuke. Anali atatambasula mwendo wodwala uja, akukulunga nsomba m'pepala. Nditafika pafupi anangokoka phazi pang'ono kuti ndidutse, maso ali pa ntchito yawo. Ndinadutsa. Ndili pafupi kukhota pakona ndinamva mawu awo kumbuyo, okweza bwino kuti msewu wonse umve.

"Mwananga, muyang'ane bwinobwino. Pobwera mundiuze mtundu wake."

Ndipo pobwera ndinaima pakhonde, pamaso pa anthu onse aja, ndinawauza kuti wayamba kuyera. Iwo anagwedeza mutu, anatunga kapu ina mu ndowa imene inali pambali pawo, n'kundipatsa.